Nkhope Zitatu za Ada Yotamu

Ine sindichedwa kupsa mtima, ndipo sabata imeneyo laputopu ya pa loji idangotsala pang'ono kusambira m'nyanja.

Dzina langa ndi Pemphero, kwathu ndi ku Ntcheu. Pa loji ina ya ku Kande ndimalandira alendo, komanso ndine ndimajambula timakanema toitanira azungu pa intaneti. Ntchito yachiwiriyi sindidapitire kusukulu ayi, ndidangoitola ngati chimfine.

Amene adandigwetsa m'mavuto ndi aNyaChirwa, dzina lawo Falesi, mayi amene amachapa nsalu za pabedi pa loji pathupo. Lolemba masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha moti mchenga unkachita nthunzi, adafika pakauntala manja akadali onyowa.

"Mwana wangu, kanema uja wa ada Yotamu ukadali naye?"

Ada Yotamu anali amuna awo; m'Chitonga bambo amati ada. Adamwalira chaka chatha ndi matenda a chiwindi, ndipo Loweruka ana awo ankabwera kuchokera ku Joni kudzavundukula chiliza. Kanemayo ndidajambula zaka ziwiri zapitazo pongoyesa kamera yatsopano. Unali mmawa wa Lamulungu la mgonero, awiriwo ataima pabwalo pawo, mayiwo atavala bulauzi yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, kumbuyo kwawo chinangwa chonyika chili mbee pathandala. Masekondi makumi anayi basi.

"Amabwera kutulo," adatero akuyang'ana kumbali. "Koma amabwera ndi nkhope ya kuchipatala, yachikasu ija. Yakale ija yandithawa. Ndikatseka maso kuti ndiifune, palibe. Undionetse ndisanaiwaliretu."

Ndidati zazing'ono zimenezo, ama. Pakamwa panga!

Kamera yathu imajambula zotuwa, mitundu umachita kubwezera wekha. Poyamba umaloza chinthu choyera m'chithunzimo n'kuuza makina kuti choyera ndi ichi, zina zonse zimatsatira. Ndidaloza bulauzi. Ndani sadziwa kuti palibe choyera kuposa bulauzi ya mayi wa Umanyano? M'kazenera koonera ka pulogalamu yokonzera makanema adawo adatuluka bwinobwino, pabwalo ponse pali kuwala kofunda, kumene ndidati ndi dzuwa la mmawa.

Nditatulutsa kanemayo n'kumuika pafoni, ada Yotamu anali otuwa ngati agona paphulusa. Ndidakamuika pa TV ya mu bala. Kumeneko adafiira ngati njerwa, mthunzi wa chipewa utameza maso onse awiri. Munthu mmodzi, nkhope zitatu. Nanga ndikanawapatsa iti mayi aja?

Masiku atatu ndidakhala pakhonde masana, alendo atagona ndi kutentha. Mafunde ankangonyambita mchenga mwaulesi, nsalu za aNyaChirwa zikufufuma pachingwe kuseri kwa mtengo wa mango. Ndinkabwereza masekondi omwewo: adawo akuvula chipewa, akuseka, akutsegula pakamwa. Nthawi zina ndinkasinza, n'kumawaona akutuluka m'laputopu, kulowa m'foni, kuwolokera mu TV, paliponse akusintha khungu ngati malaya, chipewa chili m'manja, akufunafuna khomo la kwawo. Ndikadzidzimuka ndinkapeza akuseka pomwe paja. Ndinkawamvera chisoni, ndiponso ankandikwiyitsa.

Ndidawerenga pa intaneti mpaka maso kuwawa. Kumeneko ndidadziwa za gama, nambala imene imauza makina kuti pakati pa mdima ndi kuwala pakhale pati. Pulogalamu yanga inkaonetsa ndi nambala yake, foni inkawerenga ndi ina. Aliyense nyimbo yake pa maliro amodzi! Ndidasintha kuti kazenera kaja kazionetsa monga foni imaonetsera, n'kulemba nambala yomweyo m'kanema wotuluka. Laputopu ndi foni zidagwirizana.

Idatsala TV. Ndidafufuza makonzedwe ake, ndipo ndidapeza ili pa zoonera mpira.

"Killion!" ndidakuwira mnzanga wogulitsa mu bala. "Ndani wakometsera TV chonchi?"

"Ndine. Udzu wa m'bwalo uzioneka wobiriwira, asisi."

"Udzu wako wapsereza munthu wamkulu, iwe!"

Nditabwezera, sikirini zonse zitatu zidaonetsa nkhope imodzi. Ndidavina ndekha pakati pa mipando.

Lachisanu mmawa ndidawaitana aNyaChirwa. Adapukuta manja pachitenje, n'kukhala kunsonga kwa mpando ngati ali m'tchalitchi. Ndidayatsa, mawu nditatsitsa kuti aone kaye nkhope. Adayang'ana TV, foni, laputopu.

"Wawadwalitsanso," adatero motsitsa. "Awa ndi a kuchipatala. Taona m'masomo. Tsiku limeneli anali asanadwale."

Mtima udandikwera. "Ama, masiku atatu osapuma! Makina onse atatu akugwirizana."

"Agwirizana kunama."

Adadzuka n'kutuluka. Ndidayang'anitsitsa, ndipo zoona, m'maso mwa adawo munali kachikasu, m'mano momwemonso. Kuwala kofunda kuja sikunali dzuwa. Ndidachita manyazi koopsa: mayi adabwera kudzapempha mankhwala, ine n'kuwaonetsa bala lomwelo pa sikirini zitatu.

Ndidawatsatira kuseri kuti ndikapepese. Ndidawapeza atawerama pabeseni, akunyika nsalu za mapilo m'madzi obiriwira ngati thambo. Ankanyika, kufinya, kukutumula, osandiyang'ana.

"Madzi amenewa ndi a chiyani, ama?"

"Buluu. Zaka zonsezi pa loji pano sudziwa? Choyera chopanda buluu n'choyera?"

Ndidatola nsalu imodzi yowuma n'kuiyandikiza papepala limene linali m'thumba mwanga. Pafupi ndi pepalalo nsaluyo inali ndi kamtambo. Payokha, diso limangoti mbee.

"Nanga bulauzi ya Umanyano mumanyikanso?"

"Imeneyo kawiri. Ndikapite ku mgonero ngati chisanza?"

Mayo ine! Ndidauza makina kuti bulauzi ya buluu ndiyo choyera. Makina, pomvera, adachotsa buluu m'chithunzi chonse, ndipo pochoka buluu pamatsala chikasu. Adawo ndidawadwalitsa ndine ndi chala changa, Lolemba lomwe lija.

"Ama, chinangwa chija cha pathandala munathira chiyani?"

Adandiyang'ana ngati ndapenga. "Chinangwa n'kuthira chiyani? Madzi ndi dzuwa."

Ndidawagwira dzanja lonyowalo mpaka mu bala. Ndidaloza chinangwa n'kuuza makina kuti choyera ndi ichi. Chikasu chidasefukira kunja ngati madzi a m'beseni. Bulauzi idatenga kamtambo kake, nthochi za kumbuyo zidabiriwira, ndipo ada Yotamu adada bwino, kuda kosalala kwa munthu wodzola mafuta Lamulungu, m'maso muli mbee. Ndidatulutsa kanemayo msangamsanga n'kumuika pa TV, ndipo ulendo uno ndidakweza mawu.

ANyaChirwa sadakhale pampando. Adayandikira mpaka mpweya wawo kuchita nthunzi pagalasi. Adawo atavula chipewa mu TV, mayiwo, ali chiimire mu bala muja, adapinda maondo pang'ono, n'kupereka moni wa mmawa m'Chitonga, monga ankachitira zaka makumi anayi.

"Mwayuka uli, ada?"

Ine ndidali nditaiwala kuti tsiku lojambula lija ndidawapatsa moni womwewo ndili kuseri kwa kamera, mphepo n'kumeza mawu anga. Mu TV ada Yotamu adaseka, n'kuyang'ana kuno.

"Ndayuka umampha," adatero. Ndadzuka bwino.

Killion adasiya kupukuta matambula. Ine misozi inali ikutsika kale, sindibisa. Masekondi makumi anayi adatha, sikirini n'kuda.

ANyaChirwa adatseka maso. Adakhala choncho nthawi yaitali, madzi a buluu akudontha kuchokera m'zala zawo kugwera pansi. Ndidafunsa ngati ndibwereze.

"Dikira," adatero, maso ali chitsekere, akumwetulira. "Akadali pompano."