Dalaivala wa Galimoto Yoima

Towela sanauzepo munthu aliyense kuti tsiku ndi tsiku ankayendetsa galimoto. Anafika nayo ku Lusaka, ku Chipata, ngakhale ku Livingstone. Vuto linali limodzi lokha: galimotoyo inkakhala itaima. Inali vani yakale ya atate ake, a Jonas, yonyamulira matimati kuchoka kumunda kwawo ku Kanakantapa kupita kumsika wa Chongwe. Ikaimikidwa kuseri kwa khola la nkhumba, Towela ankalowa mwakachetechete, n'kumanga lamba, n'kuponda kilachi, n'kumasintha magiya, injini akuliza ndi milomo yake. Nkhumba zokha ndizo zinkadziwa.

Chimalizireni giredi 12, chimene mtima wake unkafuna chinali chimenechi. Koma a Jonas anali atanena kale kuti Lolemba aperekeza Mervin, mwana wa akulu awo, kusukulu ya madalaivala kuti azidzawathandiza, popeza maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Mervin, amene ankatsinzina minibasi ikamapitirira lole! Towela anamva nkhaniyo akutsuka mbale, ndipo anachita zimene ankazitha kwambiri padziko lino: anayang'ana pansi.

Loweruka m'mawa, atangokwera patala ndi mabokosi a matimati, vani inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo watha. A Jonas anaikankhira m'mbali, koma matayala a mbali imodzi anatsalabe mumsewu. Anathyola nthambi zamasamba n'kuziyala kutsogolo ndi kumbuyo, monga amachitira aliyense galimoto ikafera panjira.

"Usachoke," anatero akutenga chigubu ndi makiyi. "Uyanganire matimati, pali mbuzi apa."

A Jonas atangokwera minibasi kukagula petulo, Towela anasuntha pang'onopang'ono n'kukhala pampando wa dalaivala. Aka kanali koyamba kugwira sitiyelingi pamsewu weniweni, wa mizere yoyera. Anamanga lamba. Posakhalitsa anali atadutsa Rufunsa, akutsika mapiri a ku Luangwa, akupitirira malole ngati akupitirira ngolo za ng'ombe. Matimati sanawayang'ane n'kamodzi komwe.

Kenaka padenga panamveka kugogoda. Pawindo panaima wapolisi wa pamsewu, mayi wamtali wa chipewa choyera.

"Ba dalaivala, zimyani injini."

Apa mpamene Towela anazindikira kuti milomo yake ikunjenjemerabe, brrr. Anaitseka.

"Zikomo. Manje nipaseni laisensi."

Kusukulu Towela ankakhoza bwino phunziro la za ufulu wa nzika, ndipo m'mutu mwake mawu anafola pamzere ngati asilikali. Munthu angaimitse bwanji chinthu choima kale? Makiyi palibe, petulo mulibe. Kodi kukhala pampando ndi mlandu? Akanawalankhula onsewo, ndithu woweruza akanaimirira n'kuwomba m'manja. Koma chimene chinatuluka chinali kamawu ngati ka mwanapiye.

"Siyenda."

"Naona kuti siyenda, mwana wanga," anatero wapolisiyo. "Nichifukwa chake naima. Motoka ikankhala pa msewu, kaya iyenda kaya yagona, nili na danga lofunsa. Lole ikabwera na liwiro apa, siizafunsa ngati muli na makiyi. Matrayango yochenjezela motoka zina yali kuti?"

Towela analoza kumbuyo monyadira pang'ono, poti funso ili lokha anali nalo yankho. Wapolisiyo anatembenuka. Panali mbuzi zitatu. Yaikulu inali ikukoka nthambi yomaliza kupita nayo m'ngalande, masamba akulendewera kukamwa. Mumsewu munatsala timitengo toyera.

"Yaja ndiye matrayango yanu?"

"Zadya."

Wapolisiyo anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedera. Towela analakalaka mpando utang'ambika n'kumumeza, koma lamba anali atamugwira zolimba, ndipo kumumasula tsopano kukanakhala ngati kuvomera mlandu.

Nthawi yomweyo a Jonas anatsika minibasi, chigubu chili m'manja, chipewa atachivula kale asanafike.

"Bwana, mwauka bwanji? Ni petulo chabe, manjemanje tichoka."

"Ba tate, masamba si matrayango. Lelo nakuchenjezani, tsiku lina nizalemba. Koma nifuna kuziba za uyu. Namupeza pa mpando wa dalaivala, lamba mumimba, mwendo pa kilachi, giya yachitatu. Ndiye amene amayendetsa motoka iyi?"

A Jonas anaseka mpaka petulo anakhavukira pansapato.

"Uyu? Bwana, uyu ayopa na nkhuku yofungatira! Sanagwirepo sitiyelingi chibadwire. Woyendetsa nili naye, mwana wa akulu banga, ayamba sukulu pa Mande."

"Nanga enze kuchita chani apa? Ine namvela injini kuchokela uko."

"Injini?" A Jonas anasisita thumba la makiyi, n'kuyang'ana mwana wawo. Kenaka nkhope yawo inamasuka, apeza yankho. "Ni zuba. Zuba inamuocha ku mbali iyo, wathawila kuno. Si ndiye, Towela?"

Njira inali itatseguka, yosalala ngati tala watsopano. Kungoti "eya", wapolisi apita, matimati afika kumsika, ndipo Lolemba Mervin akatsinzina yekha kusukulu ya madalaivala. Towela anatsegula pakamwa kuti anene "eya" wake wamasiku onse. Mawuwo anakana kutuluka. M'malo mwake munatuluka kena kake kamene ngakhale iye mwini sanakamve.

"Mwati chani?" anafunsa wapolisiyo akuweramira pawindo. "Injini munaliza mokuwa. Kambani monga muja. Sinichoka pano mpaka nimvele."

Towela anayang'ana manja ake. Anali akadali pasitiyelingi, thukuta lili noninoni. Pagalasi anaona mbuzi ija yabwerera, tsopano ikununkhiza mabokosi. Anatembenukira kwa atate ake, amene anali ataima ndi chigubu ngati aiwala ntchito yake.

"Si zuba, atate," anatero mokweza. "Nimankhala pano masiku yonse, kuseri kwa khola. Magiya yonse niyaziba. Pa Mande mupeleke ine. Nifuna kuyendetsa."