Tsiku limene Raelynn analoza msuweni wake

"Mwana wakoyu ndi njoka, Darlene! Njoka yeniyeni!"

Ameneyo anali Wendell, mwana wanga woyamba, akukalipira mlongo wake pamalo oimika magalimoto.

"Nanga wanuyo, achimwene? Amakhalira mpira ngati nkhuku yofungatira mazira!"

Ine ndinali m'galimoto, zenera lotsitsa, ndikudya sangweji yanga. Kuwaleretsa? Ayi. Ndinawabereka ndekha anthu amenewa, ndimadziwa kuti akayamba umangofunika kukhala bwino n'kumvetsera.

Nkhani yake ndi ya zidzukulu zanga. Shelby ndi wa Wendell, Raelynn ndi wa Darlene. Onse amasewerera gofu makoleji awo, osiyana, kuno ku Oklahoma. Tsiku lomaliza la mpikisano wosankha opita ku wadziko lonse, anawaika gulu limodzi, pamodzi ndi kamtsikana kena ka ku Texas. Shelby chinali chaka chake chomaliza, ndipo timu yake inali pamalire penipeni, pakati pa kupita ndi kugwa. Raelynn timu yake inali itagwa kale, koma iye payekha malo anali akuwanunkhiza.

Kunacha koipa. Mitambo yobiriwira ija, imene ikabwera timayamba kuyang'ana kumene kuli dzenje lobisalamo, inali itaunjikana kumadzulo. Mphepo zii. Akuluakulu a mpikisano anati aliyense afulumire, masewera athe namondwe asanafike.

Ndiye Shelby afulumire? Mwana ameneyu bambo ake anamuwononga. Kuyambira ali kakang'ono ankamuuza kuti usamenye mpaka mtima ukhale pansi. Pano mtimawo sukhalanso pansi. Amaima pa mpira, kugwedeza ndodo, kuyang'ana mbendera ya pa bowo, kugwedezanso, kubwerera m'mbuyo, kupukuta manja, kuyambiranso. Akatero amaponya diso kwa bambo ake kuseri kwa chingwe. Wendell naye ali chilili, manja m'thumba, nsagwada zili gwa.

Tisanafike pakati, gulu la kutsogolo linali litasowa. Kumbuyo atsikana ena atakhala pa zikwama zawo, kudikira. Pamenepo m'pamene kanatulukira kagalimoto koyera. Munali mayi wina woyang'anira malamulo, wowonda, wa chipewa chachikulu, wotchi m'manja. Anangonena kamodzi kuti, "Atsikana, mwatsalira. Ndayamba kukuwerengerani nthawi." Basi. Sanalankhulenso. Ife tikayenda, kagalimoto kayenda. Tikaima, kaima. Kalibe ndi phokoso lomwe, umangozindikira kali pambuyo pako.

Sukulu sindinapite ine, koma lamulo ili ndimalidziwa. Mukachedwa, nonse atatu amakuwonjezerani kumenya kumodzi, ndipo pa gofu wochulukitsa ndiye wagwa. Pokhapokha mukapereke chifukwa chomveka, kapena zidziwike kuti wochedwetsa ndani.

Raelynn anayamba kuthamanga ndi chikwama kumsana. Ka ku Texas nakonso. Shelby ndiye anaipiraipira. Pa bowo lina anaima pa mpira mpaka ine mwendo unachita dzanzi.

"Menya, mwanawe!" ndinatero. "Ukudikira kuti uswe anapiye?"

"Amayi, khalani chete," anatero Wendell osandiyang'ana.

Kutali kunagunda. Mayi uja sanayang'ane kumwamba, anangoyang'ana wotchi.

Atamaliza anawalowetsa mu tenti yowerengera zigoli. Makolo saloledwa kuyandikira, koma nkhalamba ya ndodo ikakhala pa mpando kuseri kwa tenti, ndani angaithamangitse? Nsalu ija ndi yopyapyala. Asanabwere mayi uja ndinamva Shelby akunong'ona.

"Rae, chonde. Tinene kuti tinkasaka mpira m'tchire muja. Tikagwirizana tonse atikhululukira."

Raelynn anangopitiriza kuwerengera zigoli zake.

Mayi uja analowa. Anati gulu lonse lili ndi chilango, ndipo ngati pali wonena kanthu anene pompano. Shelby anayamba za mpira wotayika, mawu akuthawa. Mayi uja anafunsa kuti, "Enanu mukuvomereza?" Ka ku Texas kanati sikakukumbuka bwino. Kochenjera.

Kunja mphepo inayamba kukoka zingwe za tenti.

"Palibe mpira umene unatayika," anatero Raelynn. "Ine ndimathamanga, munandiona. Wochedwa ndi uyu."

Chilango chinagwera Shelby yekha. Kumenya kumodzi komweko n'kumene kunagwetsa timu yake yonse. Atsikana anzake anali atayamba kale kukumbatirana panja, kenaka nambala inasintha pa bolodi. Raelynn anapeza malo ake ku mpikisano wadziko lonse. Lipenga lochenjeza za mphezi linalira tikupita ku magalimoto, ndipo kumeneko n'kumene ana anga anayambana.

"Akanangotseka pakamwa!" Wendell ankakuwa, mvula itayamba kudontha. "Magazi amodzi!"

"Atseke pakamwa kuti agwe naye limodzi? Munamuphunzitsa nokha kuzizira pa mpira, lero mukufuna wanga alipire?"

Raelynn anati, "Amalume, ine sindikanatha kunama," koma Wendell anamuyang'ana moti mwana anabwerera m'mbuyo. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Amayi, inu munalipo. Nenani."

Ndinameza kaye sangweji. "Shelby amachedwa, Wendell. Ndipo amachedwa chifukwa cha nkhope yakoyo."

Nthawi yonseyi Shelby anali ataima pamvula, chikwama kumsana, osalira, osaphethira. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ngati mmene amayang'anira mbendera. Ine ndaona mikangano yambiri pa banja lino ndipo yambiri ndimaikonda, koma maso amenewo sindinawakonde. Anakakwera basi ya timu yake.

Pano Wendell salankhula ndi Darlene. Mkazi wa Wendell anasamuka mpando kutchalitchi kuti asakhale pafupi ndi mlamu wake. Ine Wendell amanditchetchera kapinga Loweruka, koma moni sandipatsa, amangotchetcha n'kumapita. Raelynn amamuimbira msuweni wake, foni imangoitana. Ndipo Shelby, amene akukhala m'nyumba ya bambo ake, kudya nawo pa tebulo limodzi, chichokereni ku mpikisano uja sanawalankhulepo ngakhale liwu limodzi.