Mbale ya Mlendo

Mwamuna wanga wauzapo dziko lonse la Poland kuti "ndimakukonda", ndipo palibe amene anadabwa, chifukwa ndiyo ntchito yake. Remek ndi lektor. Filimu yakunja ikamaonetsedwa pa kanema, liwu lija limamveka pamwamba pa osewera, lowerenga zonse m'chiyankhulo chathu, ndi lake. Mkazi akalira, Remek amawerenga. Chigawenga chikatukwana, Remek amawerenga. Zonsezo ndi liwu limodzi lomwelo, losakwera losatsika, ngati munthu wolengeza zanyengo. Lamulo la ntchito yawo n'lakuti lektor salira, saseka, sapsa mtima. Kulirako n'kwa osewera, iye n'kungopereka mawu basi.

Ine ndine Hubert, mwamuna ngati iye yemwe. Ndimayendetsa tramu, kasitima kamagetsi ka m'misewu, mu Warsaw, m'njanji zomwezomwezo, kupita ndi kubwera. Takhala nyumba imodzi ndi Remek zaka zambiri, moti akatsokomola ndimadziwa ngati ndi chifuwa chenicheni kapena akubisa bodza. Koma kwawo, ku katauni kena kum'mawa uko, kulibe munthu wotchedwa Hubert. Amayi ake, a Bogusława, amadziwa kuti mwana wawo amakhala yekha chifukwa chotanganidwa. Saphonya filimu ya Remek ngakhale imodzi, kaya ya nkhondo kaya ya mizukwa, ndipo m'mawa mwake amakafunsa wogulitsa nyama kuti, "Munamumva wanga dzulo?"

Khrisimasi iliyonse Remek ankalongedza kachikwama n'kupita kwawo, ine n'kutsala ndi mphaka. Makolo anga anamwalira kalekale. Ndinkachita kupempha kuti andiike pa ntchito tsiku limenelo, n'kumazungulira mzinda ndi tramu yopanda anthu. Zinkandipweteka, koma ndinkangomeza.

M'mwezi wa Novembala anamupatsa filimu ya ku Canada, ya amuna awiri okondana. Akuluakulu a kanema anaidula ndi luso lawo lija. Amunawo akangoyandikizana milomo, chithunzi chinkadumpha n'kuonetsa mitengo, kuti oonera aziyesa ndi mabwenzi chabe okonda kuyang'anana. Koma panali malo amodzi amene sakanadula, poti nkhani yonse inatsamira pamenepo. Mmodzi wa amunawo akuima pakhomo pa amayi ake atagwira mnzakeyo dzanja, n'kunena kuti, "Amayi, uyu si mlendo. Ndi munthu wanga."

Tsiku lojambula mawu, Remek anabwera kunyumba n'kukhala pampando osavula jekete.

"Lero ndalephera mzere," iye anatero.

"Iweyo? Munthu wowerenga imfa ya mwana ngati mtengo wa mbatata?"

"Ndabwereza mpaka a Lucyna, oyang'anira situdiyo, atopa nane. Mawu amangonjenjemera. Nthawi itatha angoti, 'Zisiyeni choncho, anthu aziyesa ndi vuto la waya.'"

Atandiuza mzerewo, chifundo chinandigwira, koma mkwiyo unafika msanga kuposa chifundocho.

"Ndiye wauza Poland yonse," ndinatero. "Watsala ndi mayi mmodzi yekha. Tamvera, Remek. Chaka chino ndikakhala patebulo la amayi ako. Apo ayi, Januwale andipeza ndasamuka. Ku Gdańsk kulinso matramu, ndipo mnzanga wina ali ndi chipinda."

Sikunali kuopseza chabe. Ndinali nditafunsa kale za ntchito kumeneko, ndipo iye anaziona pankhope panga.

Filimuyo inaonetsedwa kumayambiriro kwa Disembala. M'mawa mwake foni inalira tikumwa khofi, ndipo mawu a amayi ake ndinkawamva bwinobwino.

"Remek, unali ndi chimfine? Kumapeto kuja mawu ako sanali bwino."

"Ee, Amayi, kakummero chabe." Anatsokomola, kutsokomola kuja kwa bodza.

Kenako amayiwo anati, "Uzivala sikafu ndinakulukira ija."

Nzeru ya mbale anabwera nayo ndi Remek, ndipo ndi nzeru yoti munthu wa kwathu kuno yekha ndiye angaiganize. Pa mgonero wa pa 24 Disembala, nyumba iliyonse imaika mbale imodzi yapadera, ya wapaulendo amene angagogode mosayembekezeka. Tonse timaika, tonse timadziwa kuti sikubwera munthu, ndipo mbaleyo imabwerera m'kabati yosadyeramo.

"Ukagogode," Remek anatero, maso akuwala. "Ukanene kuti galimoto yafa. Sangakubweze, mwambo sulola."

"Ndikafike kwa apongozi anga ngati wopemphetsa?"

"Ukangolowa basi. Ndikakuona utakhala pamenepo ndilimba mtima, ndiyankhula. Ndikulonjeza, Hubert."

Ndinkadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kuti Remek akufuna kubisala konsekonse, kwa ine ndi kwa amayi ake. Koma munthu ukakonda umapusa ukuona. Ndinavomera.

Tinapita pa galimoto yanga. Ndinamutsitsa pakona, patali pang'ono ndi nyumba, chipale chofewa chikugwa pang'onopang'ono. Potsika anandiona ndikunjenjemera, n'kuvula sikafu yake kundikulunga m'khosi. Ndinakhala m'galimotomo kudikira kuti nyenyezi yoyamba ioneke, poti mgonero suyamba isanatuluke. Mwana wa anthu, wamkulu ndi imvi zomwe, kukhala pakona ngati mbala.

Amene anatsegula chitseko anali Waldek, mwamuna wa Danka, mlongo wake wa Remek. Ndi chimunthu chachikulu, chamawu ngati chikuitana ng'ombe. Nditafotokoza za galimoto, anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anaphulika kuseka.

"Amayi! Zachitika! Mwini mbale uja wafika!"

A Bogusława anatulukira akupukuta manja. Ndi mayi wamfupi, wa maso a Remek enieni. Anandiyang'ana kumaso, kenako m'khosi, ndipo maso awo anakhalitsa pamenepo.

"Lowani, bambo," iwo anatero. "Mlendo akalowa m'nyumba, walowa ndi Mulungu. Malo anu alipo."

Tisanadye tinanyemerana mkate woyera wopyapyala wa mwambo wa usikuwo, aliyense ndi mnzake, n'kumafunirana mafuno abwino. Waldek anandifunira galimoto ya nzeru. Danka anandifunira thanzi. Nditafika kwa Remek, ananyema kachidutswa ka mkate wanga osandiyang'ana.

"Zabwino zonse, bambo," anatero, ndi liwu lake la pa kanema.

Ndinafuna kumuponda phazi. Koma anandikhazika pa mbale ija, pakati pa Danka ndi zenera, ndipo amayiwo anandithira msuzi wofiira wa bitiruti. Nditalawa, mtima unasweka. Unali ngati wa amayi anga, wowawasa pang'ono, wa fungo la bowa wouma. Pansi pa nsalu ya patebulo dzanja langa linakhudza udzu wouma umene timayala pokumbukira modyera ng'ombe muja anagonekamo Yesu, ndipo ndinazindikira kuti sindinakhudzeko udzu umenewu chimwalirireni amayi anga. M'nyumbamo munali mofunda. Ndinadana nawo mgonero umenewo chifukwa unandikomera kwambiri.

"Mukuwadziwa awa?" Waldek anandifunsa, akuloza Remek ndi foloko. "Simungawadziwe nkhope. Tatsinzinani. Alamu, tanenani kanthu mlendoyu adzidzimuke."

"Waldek, tadya nsomba," anatero Danka.

"Iyayi, amve! Awa ndi amene amawerenga mafilimu. Tsiku lina anawapatsa ya mathanyula, aaa, ine kuseka! Alamu anatsala pang'ono kulira. Kodi zoterezi amakulipirani kawiri?" Anapukuta pakamwa. "Tabwerezani paja panakuvutani paja. Amayi chakutichakuti. Tiyeni!"

Remek anaika supuni pansi. Anandiyang'ana koyamba chilowereni changa m'nyumbamo, ndipo ndinaona kuti nthawi ija yakwana. Anatembenukira kwa amayi ake.

"Amayi," anatero, ndipo liwu linanjenjemera ngati mu filimu muja. "Amayi, ine..."

"Msuzi ukuzizira, mwanawe," a Bogusława anatero mofatsa. "Ntchito uzisiya ku Warsaw. Waldek, wamuchititsa manyazi mlendo, patsa anthu nsomba."

Ndinadikira. Danka anayang'ana m'mbale yake. Remek anakhala chotsegula pakamwa kwa kanthawi, kenako anatola supuni ija. Munthu amene mawu ake amalowa m'nyumba iliyonse m'dziko muno analephera kuwaolotsa tebulo limodzi.

Zotsalazo ndinadya osamva kukoma. Ataimba nyimbo yoyamba ya Khrisimasi ndinanyamuka, n'kunena kuti ndikaone ngati galimoto yaganiza bwino. Waldek anafuna kundiperekeza ndi zipangizo zake, koma amayiwo anamukhazika pansi ndi dzanja limodzi.

"Mlendo wanga ndimuperekeza ndekha."

M'kanjira ka kukhomo anatseka chitseko cha galasi cholowera kuchipinda chodyera. Anatenga sikafu ija pa msomali, n'kuimirira ndi zala kuti andifike m'khosi. Anandikulunga okha, bwinobwino, kenako anandionetsa malo ena chakumapeto kwake.

"Apa ndinaphonya ulusi," iwo anatero. "Ndinati ndimasula, ulesi unandigwira."

Ndinakhudza malowo ndi chala, iwo n'kupitiriza.

"Filimu ija ndinaionera mpaka kumapeto. Mwana wanga wadwalapo chimfine kambirimbiri, ndipo sichimveka choncho."

"Ndiye mukudziwa, amayi."

"Ine ndikudziwa kuti kunabwera mlendo, galimoto itamufera. Mawa kutchalitchi ndikanena zimenezo, ndipo anthu akati nyumba ya Bogusława yadalitsika. Mlendo ndingamudyetse tauni yonse ikuona, bambo. Zinazo sindingathe. Ndimagula nyama kwa anthu amenewa. Ndiwo adzanyamule bokosi langa. Waldek mwamumva nokha, ndipo ana a Danka amaphunzira pasukulu ya pompano." Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo ndinaona kumene Remek anatengera luso lake. "Mlendo ndi mame. Amadya, n'kupita."

"Dzina langa ndine..."

"Ayi. Musandiuze. Ndikalidziwa ndidzalitchula."

Anandipatsa kaphukusi kofunda, keke yokulunga m'pepala. Kenako anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri, n'kuligwiritsa.

"Akuoneka wonenepa bwino. Mumamudyetsa, ndaona. Mbale ija izikhalapo chaka chilichonse. Muzigogoda."

Kudzera pagalasi ndinkamuona Remek. Anali ataimirira pafupi ndi mtengo wa Khrisimasi, akuimba limodzi ndi enawo, maso ali pa ife. Sanasunthe. Ndinali ndi mawu okonzeka kale, a m'galimoto muja, akuti ine si mame, ndine munthu amene ndakhala ndikuchapa malaya a mwana wanu zaka zonsezi, ndipo ngati patebulopo palibe malo a Hubert ndiye tsalani nayeni. Ndinali ndi Gdańsk, ndinali ndi chipinda. Koma m'kamwa mwanga munali mukadali kukoma kwa msuzi uja, ndipo manja a mayi wokalambayo anali ofunda. Ndinadzimva ndikuyankha, ndipo ndinachita manyazi mawuwo asanathe n'komwe.

"Zikomo, amayi. Ndidzagogoda."

Anatsegula chitseko, n'kudikira kuti nditsike masitepe, kenako anatseka pang'onopang'ono.

Galimoto yakufa ija inalira nditangoigwira kamodzi. Msewu waukulu unali poteropo, wopanda kanthu, koma ine ndinakhotera kusiteshoni, kumene kuli kanyumba kogona alendo. Ndinatenga chipinda cha bedi limodzi, n'kuuza mwini wake kuti ndikhala mpaka Khrisimasi itatha, chifukwa pali munthu woti ndidzamutenge pakona.