Denga la Zidina ku Chigumula

Angella anatsika minibasi ku Chigumula mtima uli m'mwamba. Linali tsiku lochotsa mapolo a bulugama amene ankachirikiza denga la nyumba yoyamba imene iye anajambula. Dengalo linali la zidina zokhazokha, lokhota ngati uvuni wa buledi, lopanda malata kapena chitsulo. Kompyuta ndi imene inawerengera pokhala chidina chilichonse kuti zizigwirana zokha. Koma masamu onsewo ankadalira chinthu chimodzi: zidina zikhale zouma gwa.

Nyumbayo inali pa puloti ya bambo ake, a Lackson. A Pradeep, mwini mashopu ku Limbe, anali atanena kuti dengalo likaima lokha, amupatsa ntchito yomanga malo odyera ku Sunnyside. Anali atafika kale, ataima pafupi ndi galimoto yawo. Aneba nawonso anali mbwee, poti a Lackson nkhani yabwino sagona nayo. A Lackson eni ake anali atavala jekete la kutchalitchi, Lachitatu.

Angella analowa m'nyumbamo, nakwera pa benchi, n'kugwira denga. Linali lozizira. Atakanikiza, chala chinasiya kadzenje.

"Ababa, mvula inagwa kuno?"

A Lackson anaseka monyadira, namunong'oneza: "Mvula yanji? Ndine. M'mawa uliwonse ndimakwera ndi ndowa n'kuthirira. Anyamata akowa ndi aulesi. Unaona kuti nyumba ikulimba osaithira madzi?"

Inde, Blantyre yense amadziwa kuti simenti imathiriridwa. Koma dothi, abale!

Asanapeze choyankha, bambo ake anali ataima kale pakati penipeni pa chipindacho, manja m'chiuno.

"Chotsani mitengoyo! Ine ndiima pompano, aliyense aone kuti mwana wanga salakwitsa!"

Anthu anaomba m'manja. Mmisiri anamenya polo loyamba ndi hamala, ndipo timadothi tinayoyokera paphewa la jekete lija.

"Ababa, tulukani kaye."

"Ndituluke chifukwa chiyani?"

Angella anachita mantha kwambiri. Ankawadziwa bambo ake: popanda chifukwa chomveka sangasunthe, ngakhale ataitana apolisi. Koma akanena zoona pagulu ngati limeneli, munthu wamkulu asanduka choseketsa Chigumula yense, mpaka ana azimuitana kuti a Thirirani. Hamala inakwezedwanso.

"Siyani!" anakuwa Angella. "Ligwa dengali! Ndinalakwitsa masamu. Ndalakwitsa ndine."

A Lackson anatuluka pang'onopang'ono, akuyang'ana mwana wawo ngati sakumudziwa. A Pradeep anangogwedeza mutu, natsegula chitseko cha galimoto.

Galimoto itayamba kuyenda, Angella anaona bambo ake akuithamangira m'fumbi, akumenya galasi ndi chikhatho.

"Bwana, imani! Mukhululukireni, ndi mwana ameneyu! Mupatseninso mwayi, ine ndizimuyang'anira!"