Kalasi ya Pabalaza

Chaka chimene Dona ankayenera kulemba mayeso olowera ku sekondale ndi chaka chomwe bambo ake anagwa m'bafa n'kufa mbali imodzi. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja litapindikira pachifuwa, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Anatsala ndi liwu limodzi lokha, lakuti "eya", ndipo ankalinena pa chilichonse: akafuna madzi, akamva ululu, ngakhale pokana.

Amake Dona sanalire. Achibale obwera kudzazonda matenda ankawayamikira kuti ndi mayi wolimba mtima, iwo n'kumangogwedeza mutu. Ankadziwa okha kuti sikunali kulimba. Zinali ngati tsaya limene adokotala a mano abayapo jakisoni: ukaligwira umamva kuti lilipo, koma ngati la munthu wina.

Ankagwira ntchito yosita pa shopu yochapa zovala, kuchipinda chakumbuyo kopanda zenera, kumene nthunzi inkanyowetsa makoma. Kolala, mapewa, mikono, kumsana, pa hang'ala. Kenako malaya ena. Manja ankadziwa okha njira, mutu n'kumapuma. M'mawa asananyamuke ankasambitsa amuna awo ndi kuwakhazika pampando wa pazenera. Masana udindo unali wa Dona: akaweruka kusukulu ankathamangira kunyumba kukawamwetsa phala, kuwapititsa kuchimbudzi ndi kuwasintha mbali yokhalira.

Dzina lakuti Dona anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa ali wamng'ono ankayenda mutu uli m'mwamba ngati mwini nyumba wobwera kudzaona alendi ake. Asanadwale, bamboyo ankagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo, ndipo madzulo aliwonse ankakhala ndi mwanayo patebulo lalikulu la pabalaza kuwerengetsa masamu. Tsopano tebulolo linkangosunga mankhwala ndi beseni.

Pamsonkhano wa makolo, aphunzitsi aakulu ananena mosapita m'mbali. Malo ku sekondale yabwino ndi ochepa, ana ndi ambiri, ndipo zophunzira za m'kalasi zokha sizikwanira. Aliyense amupezere mwana wake maphunziro apadera. Potuluka anawaimitsa amake Dona pakhomo.

"Mayi, mwana wanu uja ali ndi mutu. Koma wayamba kusinza m'kalasi. Musamutaye."

"Ndamva, aphunzitsi."

Loweruka ataweruka amake Dona anayamba kufufuza, ngati mmene munthu amafufuzira nyumba ya lendi. Anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala, pamene panali sukulu yokonzekeretsa ana mayeso. Munali matailosi owala ndi mafani ozungulira kudenga. Mtsikana wa zikhadabo zazitali wa polandirira alendo anatchula mtengo osakweza n'komwe maso, ndipo mtengowo unali mlongo wake wa lendi ya nyumba.

"Chabwino, ndibweranso," anatero amake Dona, monga amanenera aliyense amene sabweranso.

Mnzawo wa kuntchito anawauza za maphunziro a pafoni, akuti ndi otchipa. Koma foni yawo inali yamabatani, yomanga ndi labala. Ku laibulale kunali kwaulere, mabuku analipo, koma nthawi imene inkakhala yotsegula ndi yomwe Dona ankafunika kunyumba. Pamapeto anaima pa kashopu ka fotokope n'kugula mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Inki inali yofooka, manambala ena osaoneka ngati ndi 3 kapena 8.

"Mayankho ake ali kuti?" anafunsa Dona atawatembenuza onse.

"Sanandipatse."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti ndakhoza?"

Amake anayang'ana mapepala aja, kenako khoma. Iwo sukulu anailekeza panjira kalekale. Anapita kukaika madzi pamoto.

Nzeru inabwera ndi Aneba, mayi wa khomo loyandikana nalo, wogulitsa nsapato zakale pamsika, amene mawu ake ankafika m'nyumba mwini wake asanafike. Nawo anali ndi mwana wolemba mayeso omwewo, mnyamata wotchedwa Golo chifukwa cha mpira.

"Amake Dona, wanga uja mutu wake ndi chikopa chopopa, muli mpweya wokhawokha. Koma ndi wanga, nditani? Tamverani. Mutu umodzi susenza denga, ndiye thumba limodzi lingasenze mphunzitsi? Pali mtsikana wina anamaliza za uphunzitsi, ntchito sanaipeze, amangogula nsapato pa ine zoyendera kofunsira ntchito. Tikasonkhana makomo anayi, timukwanitsa."

"Ine ndilibe chosonkha, Aneba."

"Ndani wakufunsani ndalama? Muli ndi tebulo lalikulu kuposa la tonsefe. Inu mupereke balaza, ndipo muzimusitira Madamuyo zovala. Zinazo tisiyireni."

Motero kalasi inatsegulidwa. Aneba anabweretsa chitseko chakale chopaka penti yakuda kuti chikhale bolodi. Madamu anabwera ndi choko m'kachikwama, ali woonda, wa mawu otsika koma osabwereza kawiri. Tsiku loyamba ana atatu achilendowo anaima pakhomo, maso ali pa munthu wa pazenera amene malovu ankamutsika pachibwano.

"Ndiwalowetse kuchipinda," anatero amake Dona, poti linali Loweruka ndipo analipo.

"Asiyeni," anatero Dona. "Tebuloli ndi lawo."

Anawapukuta pachibwano ndi kansalu, n'kukhala pampando wake. Enawo analowa mmodzimmodzi.

Sipanapite nthawi ana anawazolowera. Madamu akafunsa kuti seveni kuchulukitsa ndi eyiti ndi zingati, Golo n'kuyankha zakezake, mawu ankachokera pazenera: "Eya."

"Mwamvatu Madamu! Abambo avomera!"

Ana ankagwa nako kuseka, Madamu n'kubisa kamwa ndi buku. Amake Dona ankamva kusekako ali kukhitchini. Ankadziwa kuti ndi zoseketsa, ngati mmene umadziwira kuti kunja kukugwa mvula uli m'nyumba. Ankapitiriza kutsuka makapu.

Miyezi inapita. Dona anasiya kusinza m'kalasi. Golo anaphunzira kugawa manambala aatali, ngakhale ankatuluka thukuta ngati akukankha galimoto. Ndiye kutatsala milungu yochepa kuti mayeso alembedwe, Madamu anabwera opanda choko. Ntchito inali itapezeka, kusukulu ina yakutali, ndipo ankafunika Lolemba.

"Pepani mayi. Ndikanakonda kuwafikitsa."

"Pepani ya chiyani? Mwana wa eni wapeza ntchito. Pitani bwino."

Anamusitira madiresi ake onse komaliza, n'kuwapinda bwinobwino. Makomo awiri aja anatenga ana awo kukawapezera kwina. Pabalaza panatsala Dona, Golo, chitseko chakuda ndi mulu wa mapepala.

Aneba sanagonje. Anagwirizana ndi Madamu kuti ana azilemba okha, iwo azijambula mayankho pafoni yawo n'kutumiza, Madamu azichonga akapeza mpata. Nthawi zina mayankho ankabwera tsiku lomwelo, nthawi zina patapita sabata. Podikira, Dona ndiye ankaima pabolodi. Anapeza kuti chimene wafotokozera Golo katatu iye sachiiwalanso, ndipo Golo sankasowa chofunika kumufotokozera katatu.

Amake anapatsidwa ntchito yosunga nthawi. Loweruka masana ankakhala pakhomo ndi wotchi ya amuna awo m'manja, n'kunena kuti "Yambani", kenako "Lekani". Tsiku lina Golo anagubuduza kapu ya madzi pamapepala. Iwo sanakalipe. Anawayanika pachingwe, atauma n'kuwasita ndi simbi yofunda pang'ono, pepala lililonse palokha, mpaka anawongoka.

Madzulo ena, akupinda zofunda za bambo ake, Dona anayankhula osayang'ana amake.

"Amama, akuti okhoza bwino amapita kusekondale yogonera komweko."

"Ndi choncho."

"Ndiye ndikakhoza, adadi azidzawamwetsa ndani phala masana?"

Amake anagwira nsonga ziwiri za bulangete, mwanayo zina ziwiri. Anayandikirana, n'kulumikiza nsongazo.

"Funso limenelo lili papepala liti?"

"Amama, ndikufunsa zenizeni."

"Iwe yankha za papepala. Zimenezo ndi zanga. Ndipo ndikadzamva kuti wasiya dala funso ukulidziwa, ine ndi iwe tidzadana."

Anayankhula mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa sopo. Dona anawayang'ana nthawi yaitali, akufunafuna kanthu pankhope pawo. Sanakapeze. Anatenga bulangete n'kupita nalo kuchipinda.

Mawa lake amake Dona anapita kwa alamu awo, mchemwali wa amuna awo, kukafunsa ngati angamabwere masana. Alamuwo anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, n'kuwafotokozera za miyendo yawo yotupa, za adzukulu, za mtunda. Zonse zinali zoona. Pochoka anawaperekeza mpaka pamsewu akunena kuti magazi ndi magazi, sangamutaye mlongo wawo, azibwera Lamlungu lina.

Kenako anakaonana ndi abwana a pashopu. Anapempha kuti azituluka masana nthawi yotalikirapo, n'kumabweza pogwira Loweruka lonse. Abwanawo anakanda m'mutu, anadandaula za makasitomala, pomaliza anavomera. Amake Dona sanauze munthu. Anabwerera pa simbi yawo.

Tsiku la mayeso anamusitira Dona yunifolomu, anamusongolera mapensulo, n'kupita kuntchito ngati tsiku lina lililonse. Aneba ndiwo anatseka benchi yawo ya nsapato kuti akhale ndi wodwala. Madzulo mwanayo anabwera milomo itauma.

"Zinali bwanji?"

"Mafunso analipo."

"Unayankha onse?"

"Onse."

"Kasambe."

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi, zitamatidwa pakhoma la sukulu. Amake Dona anali pakati pa jekete la suti pamene anamva phokoso kutsogolo kwa shopu. Aneba analowa mpaka kuchipinda chakumbuyo kumene makasitomala saloledwa, nsapato imodzi ili m'manja.

"Amake Dona! Dona wapita! Kogonera komweko, dzina lili pamwambamwamba! Ndipo chikopa changa chija nachonso chagoletsa, yoyendera koma ndi sekondale ndithu. Ine ndimati mpweya, kani munali kanthu!"

Anzawo a kuntchito anasiya makina n'kuwazungulira, kuwagwira m'mapewa, kuwagwedeza. Amake Dona anamaliza kaye mkono wa jekete uja, poopa kuti ungachite mzere, n'kuimika simbi. Anati zikomo kwa aliyense. Anaima pamenepo kudikira chimwemwe ngati munthu wodikira basi pasiteji, akusuzumira kumsewu. Sichinatulukire. Anafunsa Aneba ngati pakhomapo analembanso zofunika kugula.

Sutikesi inachokera kwa alamu aja, nsapato zakuda kwa Aneba. M'mawa wa ulendo Dona anagwada pafupi ndi mpando wa pazenera n'kuyankhula ndi bambo ake motsitsa mawu, zimene amake sanazimve. Bamboyo anamugwira tsitsi ndi dzanja lamanzere, osafuna kulisiya, mpaka mwanayo anachotsa yekha zala zawo chimodzichimodzi.

Kudepoti, basi italiza kale injini, Dona anatulutsa mutu pazenera.

"Amama, supuni ikhale yaing'ono ija, osati ya tiyi, inayo. Muziwapatsira kumanzere kwa kamwa. Ndipo musamafulumire, muzidikira mpaka muone pakhosi payenda. Akatembenuzira nkhope kukhoma si kuti akhuta, akupuma."

"Ndamva."

"Mukawapatsa msanga amatsamwa."

"Ndamva, mayi. Lowetsa mutu."

Basi inanyamuka. Amake Dona anaima mpaka inakhota. Pobwerera ankaganiza kuti chaka chonsechi akhala m'nyumba imodzi ndi anthu awiriwo, koma za supuni ndi za khoma sankazidziwa.

Lolemba masana anavula epuloni n'kuyenda wapansi kupita kunyumba, dzuwa lili pamutu. Anatenthetsa phala. Anafunafuna supuni yaing'ono ija m'dirowa mpaka anaipeza. Anakoka mpando n'kukhala kumanzere kwa amuna awo. Supuni yoyamba anafulumira nayo, bamboyo anatsokomola mpaka misozi. Anawapukuta, anadikira, n'kuyambanso. Nkhope itatembenukira kukhoma, anaika mbale pamiyendo n'kudikira. Panja panadutsa wogulitsa masache akuitanira malonda. Patapita kanthawi nkhope ija inabwerera yokha, kamwa litatseguka pang'ono.

Phala linatha lonse. Anawasintha mbali, anatsuka mbale, anakhoma chitseko.

Ali pakati pa njira yobwerera kuntchito, m'mimba mwawo munalira. Anaima, kudabwa. Inali njala, njala yeniyeni yoluma, imene sankakumbuka kuti anaimva liti komaliza. Pamphambano panali mayi wogulitsa nthochi. Anagula ziwiri n'kudya ali chiimire pamthunzi wa khoma, pang'onopang'ono, magalimoto akudutsa. Atamaliza anapukuta manja pa siketi n'kuwoloka msewu, poti kushopu kunali mayunifolomu a hotela ofunika kutuluka tsiku lomwelo.