Kabokosi ka M'dzala

Munthu woyenda ndi ine kunja sadwala. Ndinayamba ndi kugulitsa misomali pathumba, lero ndili ndi mashopu, ndipo pasipoti yanga yadzaza zidindo mpaka kusowa pomenya. Madzi ndimamwa a m'botolo lomata, chipatso ndimasenda ndekha. Choncho potenga mayi a kunyumba kukapuma kunja koyamba, ndinauza mlamu wanga, mng'ono wawo wotisungira nyumba, kuti, "Akulu anuwa abwera atanenepa."

Mmawa wina ku hotela ndinawapeza atakhuthulira chikwama chonse pabedi.

"Bambo a ana, kabotolo ka mankhwala anga a BP kasowa. Dzulo sindinamwe. Mutu ukuwaza nkhuni."

"Imeneyo n'nkhani? Mankhwala ali ponseponse. Kabokosi kake kali kuti?"

"Ndinataya kunyumba. Si inu munati tisanyamule zinyalala? Ndinamatula onse n'kuthira m'kabotolo."

"Dzina lake?"

"Ndi toyera, tating'ono."

Tinatsika masitepe ndikuwakoka dzanja. Pasitolo ya mankhwala yoyamba, mtsikana anatsegula kabati: toyera tating'ono mitundu yosawerengeka. Anakana zongoganizira. Yachiwiri chimodzimodzi. Dzuwa linkaswa mtengo, magalimoto akutiimbira mahutala, ine thukuta kamukamu. Yachitatu anatilozera kwa dokotala.

Dokotala atawayeza, anakwinya nkhope. "Yakwera kwambiri. Pali mankhwala amene thupi lawo limadana nawo?"

"Ena ananditupitsa milomo ndi lilime," anatero mayi. "Analinso oyera."

"Ndiye ndipezereni dzina la amene akumwa," anatero dokotala. "Apo ayi ndiwagoneka, tiyambe kufufuza."

Ine kugoneka mkazi m'chipatala cha eni? Ndinatuluka pakhonde, n'kumayenda uku ndi uku, foni kukhutu.

"Alamu, thamangani kudzala kuseri kwa nyumba. Muli kabokosi ka mankhwala a akulu anu."

"Iii, a bwana oyenda maiko! Suja munati abwera atanenepa?"

"Zocheza pambuyo. Kumbani!"

"Mvula yagwa, m'dzalamo ndi matope okhaokha. Ndilowemo ndi nsapato zanga zatsopano?"

"Lowani. Ndigula zina."

"Mwanena nokha. Peyala ziwiri. Ina ndi ya fungo."

Ndinadikira ndikuluma zala. Ndikasuzumira m'kati, mayi atsinzina, agwira chipumi. Ndikayang'ana foni, zii. Kenako chithunzi chinalowa: kabokosi ka mankhwala a chifuwa.

"Si kameneko! Pitani pansi!"

"Alamu, muno muli mphutsi zazikulu ngati misomali yanu ija!"

Chithunzi chachiwiri chinali kabokosi konyowa, kophwanyika, khoko la dzira litamatirira pambali. Koma dzina linkawerengeka, nambala yakenso. Ndinalowa osagogoda, foni m'mwamba ngati chikho cha mpira.

Dokotala analemba, mayi anamwa, anawasunga pang'ono n'kuwayezanso. Pofika madzulo mutu unali utaleka. Ndinagula mabokosi awiri, lina m'chikwama chawo cham'manja, lina m'thumba la jekete langa, onse ndinawajambula. Mawa lake mayi anali patsogolo mumsewu, ine ndikuwefuka ndi majumbo.

Titafika kunyumba, mlamu anatichingamira pageti wopanda nsapato, dala, zala za kumapazi akuzigwedeza.

"Paulendowu wadwala ndani?" ndinafunsa modzitama.

"Palibe, alamu. Nanga zanga?"

Ndinatsegula sutikesi pomwepo. Peyala ziwiri: yakuda ya matope, yofiira ya fungo.