Phazi la Mtembo

Chaka chilichonse mu Ogasiti, kalabu ya mafilimu ya m'tauni mwathu muno imaonetsa kafilimu kakalekale ka mayi wophedwa m'nyumba yogona alendo, ndipo chaka chilichonse amuna anga a Eleuterio amapolisha nsapato ngati akukafunsira mbeta. Ine ndimawatsata m'mbuyo nditanyamula fulasiki ndi chikho cha tiyi wathu wowawa wotchedwa mate, mtima ukuwira.

Filimuyo palibe amene amaidziwa kuposa ine, poti ndine ndinkasoka zovala zake ndili mtsikana. Inali filimu yaumphawi wadzaoneni. Anaijambula masiku khumi m'nyumba imodzi, magazi anali chokoleti chosungunula, mvula inkachokera m'keni yothirira maluwa. Wapolisi ndi chigawenga ankabwerekana jekete limodzi, n'chifukwa chake simuwaona pamodzi mpaka kumapeto, pamene winayo wangovala malaya. Koma anthu amaifera, ndipo amadabwabe ndi wakuphayo ngati kuti wasintha chaka chino.

Chimene onse amadikira ndi phazi. Mtembo wa mayiyo wagona chafufumimba kuseri kwa sofa, kukuoneka miyendo yokha, wapolisi akufunsa alendo mmodzimmodzi. Kenako chala chachikulu cha mtembo chimagwedera kawiri. Holo yonse imaponda pansi kawiri nayonso, ndi mwambo umenewo. Anthu ophunzira analemba kuti limeneli linali luso la Zulema Arrieta, mkazi wokongola amene anasewera mayi wophedwayo, ndipo Zulema mpaka kumwalira kwake ankavomera kuti anachita dala.

Bodza lamkunkhuniza. Zulema anakana kugona pasimenti yozizira, akuti angadwale chimfine. Anandiveka ine diresi lake n'kundigoneka pamenepo. Chala chinagwedera chifukwa nyerere inandiluma, ndipo filimu yojambuliranso inali itatha. Wotsogolera filimuyo anandilumbiritsa kuti ndisaulule, ine mopusa ndinasunga lumbirolo ngakhale kwa mwamuna amene ndinakwatiwa naye patapita zaka ziwiri.

Ndiye kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikumva a Eleuterio akuusa moyo phazilo likangoonekera. Nsanje imandidya, sindibisa. Munthu amene sanayamikirepo ngakhale tsitsi langa, n'kumasungunuka ndi phazi la Zulema. Chondiwawa kwambiri n'chakuti phazilo ndi langa, lomwe lakhala likuwagunda m'bulangeti zaka zonsezi, iwo osalizindikira.

Chaka chino ndinatopa nazo. Linali Lamlungu masana, holo itadzaza ana asukulu yaukachenjede oseka zilizonse. Wapolisi atayamba mafunso ake, a Eleuterio anandibwezera chikho cha tiyi chija osandiyang'ana, n'kuweramira kutsogolo. Chala chinagwedera, anthu anaponda, iwo anausa moyo wawo uja.

Ndinawatsina pantchafu. "Mwakhuta? Kapena ndikakufukulireni kumanda Zulema wanuyo, mudzalione pafupi?"

Anandiuza kuti ndikhale chete, anthu akuonera.

"Phazi limenelo ndi langa, bambo inu. Ine ndi amene ndagona apoyo."

Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, kapena anena kuti ukalamba wandisokoneza mutu. Iwo maso anali pakanema basi.

"Ndikudziwa, Herminia," anatero motsitsa mawu. "Kachipsera ka simbi kali pakakolopo. Ndinakaona tsiku loyamba kuonera filimuyi. Sabata yotsatira ndinakaonanso pasiteshoni ya basi, mwavala masandasi. Mumayesa ndinakuperekezani kwanu chifukwa chiyani?"

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezi, iwo anati ankaona ngati ndi chinsinsi changa, ndipo chinsinsi cha mwini safukula. Mtima unayamba kutsika, misozi ili pafupi. Ndinavula nsapato yakumanja mwakachetechete n'kusendeza phazi langa kufupi ndi lawo, phazi lotupa la masiku ano, la mitsempha yotuluka, kachipsera katabisika m'makwinya.

Sanalimve n'komwe. Mtembo unali utaonekeranso, ndipo nkhope yawo inali itawala ngati ya mnyamata, kuyang'ana mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wogona pasimenti uja. Nsanje inabwerera yonse, yoposa kale. Zulema ndinkatha kumutukwana, ndipo anafa. Koma uyu sakalamba, ndipo Ogasiti wa chaka chamawa a Eleuterio adzamupolishiranso nsapato.

Ndinavala nsapato yanga.